Mpando wa magetsi ukafa, yambirani pa fyuzi ndi mawaya a pansi

June akangolowa kuno ku Harare anthu amakumbukira kabatani kotenthetsa mpando kaja kamene chaka chonse sakakhudza nkomwe. Tauni ino ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, nde kuzizira kwa mmamawa mu June ndi July si kwamasewera, amene amanyamuka kusanache kuchokera ku Chitungwiza kapena ku Norton akundimva bwino. Magalimoto ambiri a ex-Japan, ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan aja, amene tikuyendera, ma Mark X, ma Crown, ma Harrier, olo ma Benz amene, ena amabwera ndi mipando yoyenda ndi magetsi komanso yotentha. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto ku Gazaland ku Highfield, ndipo chimene chimandiwawa mtima ndi choti munthu amafika atagula kale kamota koyendetsa mpando, pena mpando wonse ku Siyaso kapena mu Kaguvi Street, madola apita, koma vuto lili pa kawaya kamodzi kamene palibe anawerama kuti akaone.

Ndisanagwire sipanala ndimafunsa kaye: achimwene, chafa ndi chani kwenikweni, zonse kapena mbali imodzi? Funso limeneli limadula ntchito pakati. Mpando wa magetsi uli ndi timamota tingapo, kena kokankhira kutsogolo ndi kumbuyo, kena kogoneka kotsamira, kena kokweza ndi kutsitsa. Timamota tonseti sitingafe tsiku limodzi ayi. Ngati palibe chikuyenda olo chimodzi, magetsi sakufika kumene, nde muyang'ane fyuzi, pulagi ya pansi pa mpando kapena waya wa ethi, uja womangidwa ku chitsulo cha galimoto wobweza magetsi. Ngati chafa ndi chimodzi chokha, apo nde tikhoza kukayikira switchi, waya wake kapena kamotako.

Pali china chimene anthu ambiri sachidziwa. Kamota kopititsa mpando kutsogolo ndi komwekonso kamaubweza, switchi imangotembenuza plus ndi minus basi. Choncho mpando ukamapita kutsogolo koma nkumakana kubwerera, kamotako kali moyo, kasiyeni, wolakwa nthawi zambiri ndi switchi imene mkati mwake mwadzaza fumbi kapena timakontakiti tapsa. Fumbi la August ndi September lino limalowa paliponse. Nthawi zina kungoitsegula, kupopera contact cleaner ndi kupukuta, yayamba. Ndipo mukamva kamota kakulira koma mpando osasuntha, magetsi alibe mlandu, yang'anani mu njanji za mpando. Ndachotsamo makobidi, zitsekerero za mabotolo, cholembera, chipeso cha mwana. Pena ndi kagiya ka pulasitiki katha mano, kapena kachingwe kochokera ku mota kupita ku giya kaguluka, mpando nkumayenda mopendekeka mbali imodzi yokha. Ukayamba kupendekeka siyani kudina, mupinda njanji.

Za fyuzi. Mabokosi nthawi zambiri amakhala awiri, lina ku injini lina pansi pa dashboard, ndipo olo buku la galimoto likhale la Chijapani, pa chivundikiro cha bokosi pamalembedwa zidule ngati P/SEAT ya mpando woyenda kapena SEAT HTR ya chotenthetsa. Ya mpando woyenda imakonda kukhala ya ma amp 20 mpaka 30, magalimoto ena amaika circuit breaker imene imadula ikatentha nkubwerera yokha ikazizira. Musamangoiyang'ana ndi maso, khudzitsani test light, kagetsi koyesera magetsi kaja, pa timitu tonse tiwiri ta fyuzi, iyake uku ndi uku. Mukaika yatsopano nkupsa pompo, pali shoti penapake ndipo fyuziyo yagwira ntchito yake. Abale anga, apa ndikupempheni ndi mtima wonse, musamange waya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya pamalo pa fyuzi, musaikenso yaikulu kuposa imene inalipo. Waya akatentha ali pansi pa siponji ndi kapeti, ndipo siponji ikagwira moto simuzimitsa ndi botolo la madzi.

Malo amene ndimapezako mavuto ambiri ndi pansi pa mpando penipeni. Mawaya a pamenepo amapindika ndi kuwongoka nthawi iliyonse mpando ukasuntha, nde tikilipi towagwira tikathyoka amagwera pa njanji. Mayi ena a kutchalitchi kwathu ku Mufakose anabwera mpando utakanirira kumbuyo kwenikweni, mwana wawo wamtali ndi amene anayendetsa komaliza, iwo phazi osafika bwino pa buleki. Anali atauzidwa kale kuti agule mpando wina. Ndinati mayi, tadikirani kaye tione. Nditawalitsa tochi ndinaona waya wonenepa wa magetsi ataphwanyidwa ndi njanji, chikopa chake chitang'ambika, tinsambo ta kopa tambiri titaduka, pa chitsulo pali kadontho kakuda pamene pamathetheka moto. Pulagi yakenso inali yobiriwira mkati chifukwa cha madzi, anyamata otsuka galimoto aja akamathira madzi pa kapeti chinyezi chimakhala pansi pamenepo masiku. Ndinadula pamene panaonongeka, kulumikiza ndi soda, heat shrink, kachubu kofota ndi kutentha kaja, pamwamba, kumanga mawaya kutali ndi njanji, fyuzi yatsopano, mpando unayenda. Kungopotokola mawaya nkukulunga tepi pamalo oyendayenda ngati amenewa sikukhalitsa.

Waya wa ethi nayenso amanamiza. Multimeter, mita yoyezera magetsi ija, ikhoza kukuonetsani ma volt 12 pa pulagi inu nkumati zili bwino, koma mukadina switchi mphamvu yonse nkugwa chifukwa bawuti ya ethi yachita dzimbiri. Yezani uku wina akudina. Batire yabwino galimoto itazima imaonetsa cha mma 12.6, injini ikulira cha mma 14.

Tsopano mvetserani bwino apa. Pansi pa mpando pali pulagi yachikasu. Imeneyo ndi ya airbag ya mmbali mwa mpando, pena ndi ya chokokera lamba pa ngozi. Musalowetsemo test light, musayeze ma ohm pamenepo, musaipatse magetsi a batire poyesa. Kamphamvu kochepa kakhoza kuiphulitsa mutu wanu uli pompo. Ngati mukufuna kumasula mpando, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negative pa batire, dikirani mphindi zingapo, mabuku a Toyota amati masekondi osachepera 90. Mukatsegula kiyi pulagiyo ili yozula, getsi la airbag la pa dashboard lolembedwa SRS limayaka ndipo pa magalimoto ambiri silizima mpaka mulifufute ndi makina a diagnosis.

Chotenthetsa chili ndi khalidwe lakelake. Pansi pa chikopa kapena nsalu pali kansalu kopyapyala kamene mkati mwake mwayenda kawaya mokhotakhota, ngati bulangeti la magetsi lija, kuphatikizapo thermistor imene imauza relay kapena module kuti kutentha kwakwana. Choyamba lizani injini, chifukwa sichiyaka kiyi ali wotseka ndipo magalimoto ena amachidula batire ikafooka. Kagetsi ka pa batani kuyaka sikutanthauza kuti kawaya kali bwino, kamangonena kuti batani lamva. Zulani pulagi ya chotenthetsa, osati yachikasu ija, muyeze ma ohm. Kabwino kamaonetsa ma ohm ochepa chabe, mita ikalemba OL ndiye kuti kaduka. Pa magalimoto ena kawaya ka pokhalira ndi ka kotsamira ndi kolumikizana mondondozana, kamodzi kakaduka zonse zimazizira, nde yezani chilichonse pachokha musanang'ambe mpando wonse.

Chimadula kawayaka ndi bondo. Munthu akugwada pa mpando kuti atenge thumba la ufa kumbuyo, kulemera konse pamalo amodzi, kapena ana kudumphadumpha. Kamakondanso kuduka chakumbali kwa chitseko kumene timatsetserekera potsika. Ine sindikonda kulumikiza pamene paduka, chifukwa mfundo imeneyo imatentha kuposa pena ponse ndipo imatha kuboola siponji ndi chikopa. Bola kusintha kansalu konse, ndipo chikopacho akuvulireni ndi kubwezera anthu osoka mipando amene ali ndi pulayala ya timphete tija, ife a magetsi timalumikiza chabe.

Mpando ukamatentha pang'ono nkuzima msanga, kapena kutentha mopitirira osadula, kayikirani thermistor kapena relay yomatirira. Wotentha mopitirirawu ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa agogo, mwana wogona, kapena munthu wa matenda a shuga amene khungu lake silimva bwino akhoza kupsa osazindikira pa ulendo wautali ngati wa ku Nyamapanda popita kumudzi. Mukamva fungo la siponji yowauka kapena malo amodzi akuotcha kuposa ena, zimitsani, zulani fyuzi ya SEAT HTR, muyende choncho mpaka wa magetsi auone.