Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Amalume aja ndi bambo Poe

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka mayi a ku Kitwe amene munati nanunso anakulandani ndi mabulangete omwe. Lero ndikhota pang'ono. Mwana wanga woyamba wayamba kuwerenga mabuku amene loyamba lake linandisunga ine pa nthawi imene tinali kwa bambo aang'ono, amene anatitenga mayi atamwalira n'kulanda katundu wa makolo athu, ndipo iye akagona ndimawatenga n'kumawabwereza.

Ndikunena mabuku 13 aja otchedwa A Series of Unfortunate Events, amene Daniel Handler wa ku America analemba podzitcha Lemony Snicket. Loyamba linatuluka mu 1999, lomaliza mu 2006. Ndi nkhani ya ana atatu a banja la Baudelaire amene makolo awo anapsera m'nyumba. Violet, wa zaka 14, ndi katswiri wopanga zipangizo, ndipo akayamba kuganiza amamanga tsitsi ndi riboni. Klaus, wa zaka 12, saiwala chimene wawerenga. Sunny ndi khanda la mano anayi akuthwa, loluma chilichonse. Chuma cha makolo chili ku banki kudikira kuti Violet akule, ndipo amene akuchifuna ndi Count Olaf, wachibale wapatali, wochita zisudzo, wa nsidze imodzi yolumikizana ndi chithunzi cha diso chodindidwa pakakolo.

Loyambalo ndinaligula ndili Fomu 1 kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, ndi ndalama ya minibasi. Chimene chinandikoka n'chakuti kumbuyo kwa chikuto wolemba akukuchonderera kuti usaliwerenge, ukafune lina losangalatsa. Ndinaseka pomwepo, wogulitsa mpaka anandiyang'ana. Kuyambira pa maliro a mayi, munthu wamkulu aliyense ankatiuza kuti zonse zikhala bwino, Mulungu ndi tate wa ana amasiye. Uyu yekha ndi amene anati ayi, zinthu ziipiraipira. Ndinamukhulupirira.

Ndili mwana ndinkadana ndi Olaf, ndipo ndikamawerenga za iye ndinkaona bambo aang'ono. Panopa Olaf amangondiseketsa. Ndi wakuba wopanda manyazi, amavala ndevu zabodza kapena kudzitcha kapitawo wa sitima, ana n'kumuzindikira nthawi yomweyo pamene akuluakulu onse akumupatsa mpando. Amene wandisowetsa tulo ulendo uno ndi bambo Poe, wa ku banki uja, amene sasiya kutsokomola m'kampango kake. Iyeyo saba kanthu, ndipo anawo samadana nawo. Amangowatula kwa munthu wina, n'kubwerera ku ntchito.

M'buku loyamba muli malo amene ndinatseka buku n'kutuluka panja. Olaf wamenya Klaus mbama, anawo akugona atatu m'chipinda cha bedi limodzi, ndiye akuyenda wapansi mpaka ku banki kukadandaula. Poe akuwamvera uku akuyankha matelefoni, kenako akuwauza kuti Olaf tsopano ali m'malo mwa kholo, angathe kuwalera mmene akufunira. Kutacha, Olaf akuwauza kuti bambo Poe anamuimbira foni n'kumufotokozera zonse.

Izi sindinazilembepo m'magawo am'mbuyomu. Ine ndi mlongo wanga tinachitanso chimodzimodzi. Linali Loweruka, bambo aang'ono atapita ku maliro ena, tinanyamuka m'mamawa osadya kupita kwa amalume, mwini mbumba, mlongo wawo weniweni wa mayi athu. Njira yonse mlongo wanga ankabwereza zoti akanene, kuwerenga pa zala kuti asaiwale: zoti tikugona m'khitchini, zoti makina osokera a mayi agulitsidwa, zoti fizi yanga sinalipidwe. Kumsana kwake kunali mikwingwirima ya lamba, ndipo tinagwirizana kuti akavule malaya awaonetse.

Anatilandira bwino, zimenezo sindingawanamizire. Anatiyalira mphasa, tiyi wamkaka anabwera ndi mbatata. Mlongo wanga anagwada n'kuyamba kufotokoza, mawu akunjenjemera. Amalume anali pa mpando wa ndalema, wailesi ili pamwendo, ndipo sanaizimitse, anangoitsitsa pang'ono. Atafika pa za lamba, mwana uja anayamba kumasula mabatani. Amalume anakweza dzanja. “Vala, vala, usatichititse manyazi. Mwana wamasiye amadzichepetsa. Amene akukudyetsayo ndiye bambo ako tsopano.” Mlongo wanga anamanganso mabatani aja mosemphanitsa, ndipo anayenda choncho mpaka kunyumba. Ine sindinamuuze, ndinalibe mawu.

Tinapeza uthenga utatitsogolera. Amalume anatuma mnyamata wa njinga kukauza bambo aang'ono kuti ana anabwera kuno, muziwalangiza. Zimene zinachitika usiku umenewo mlongo wanga anandipempha kuti ndisalembe, ndipo sindilemba. Zaka zinayi zinatha tisanapondenso pakhomo pa amalume.

Mabuku enawo ndinadzawapeza nditayamba ntchito. Kunena zoona, apakatiwa amabwerezabwereza: mlezi watsopano, Olaf wavala zina, Poe sakhulupirira. Amalume awo Monty, wosunga njoka uja, ndi yekhayo amene ndinamulira. Azakhali Josephine, oopa ngakhale chitofu ndi zogwirira zitseko, anafika popereka anawo kwa Olaf kuti apulumutse moyo wawo, ndipo anthu otero ndawaonapo. Chakumapeto nkhani imalemera, chifukwa anawo amayamba kunama, kudzibisa, mpaka kuthandiza kuyatsa moto pa hotela. Pamenepo ndinakumbukira ndalama zija ndinkatapa m'thumba la jekete ya bambo aang'ono, zimene ena a inu munandidzudzula nazo mu gawo 6. Sindinapepese nthawi ija ndipo sindipepesa lero. Zinagula makope, ndipo zinali zochokera pa lendi ya nyumba ya bambo anga.

Wina anafunsa ngati n'koyenera kupatsa mwana mabuku a imfa ndi nkhanza chonchi. Mwana wanga amaseka mpaka misozi Sunny akaluma munthu. Tsiku lina anandifunsa chifukwa chake akuluakulu a m'bukumo samva zonena ana, ndipo ndinamuuza kuti iyeyo akadzandiuza kanthu, ndidzazimitsa wailesi. Sanamvetse, koma palibe kanthu.

Tsopano kwa inu asuweni, amene munalemba kuti bambo anu sanatenge ngakhale supuni pa katundu wa mayi anga, ndiye ndisiye kuipitsa dzina la malemu. Mukunena zoona, sanatenge. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linati kulanda katundu wotere ndi mlandu, likanakhalapo nthawi imeneyo likanagwira bambo aang'ono, osati iwo. Dzina lawo sindinalitchule pano ndipo sindidzalitchula. Koma munali pakhonde tsiku lija, mukusenda chimanga, ndipo munaona mwana akumasula malaya. Ngati mwaiwala, kafunseni mayi anu akadali moyo, ndi amene anatiphikira tiyi uja.