Za ulendo wathu wa ku Lusaka kukaona maseva

Anzanga a gulu lathu la makompyuta kuno ku Chipata, amene munatsala mwakhala mukufunsa kuti tinayenda bwanji, ndiye nazi.

Tinanyamuka mbandakucha, Katete, Sinda, Petauke zonse bwinobwino, pa Nyimba tinagula nthochi mpaka zina kumaziponda. Nkhani inayambira pa Luangwa Bridge. Achimwene athu a maprinta aja ataona nsomba zouma anati titengeko pa thumba la gulu tidzabweza pobwera, amayi msungichuma anati olo ngwee imodzi situluka, ndalamazi ndi za mafuta ndi malo ogona basi. Eee mawu anakwera mpaka azimayi ogulitsa kumaonerera, a cheyamani anachita kutsika nkugula milu iwiri ndi ndalama zawo kuti mtendere ubwere. Amayi munalondola, ndikunena pano onse amve, chifukwa titafika pa mapiri a Manenekela minibasi inawira, nthunzi kuti fuu pansi pa mpando wa adilaiva, tinathira madzi athu onse akumwa osakwana, anyamata awiri anatsika kukapempha pamudzi ndi chigubu, kenako paipi ya radiator inapezeka yong'ambika, ina tinagula ndi ndalama zomwe zija mumakaniza. Mu Lusaka tinalowa kutada, aliyense akununkha nsomba.

Mmawa ainjiniya anatilowetsa mchipinda cha maseva (makompyuta osunga mafayilo ndi kutumikira makompyuta ena), kozizira komanso phokoso la mafani moti polankhula umachita kukuwa. Osatichenjeza, anagwira chingwe cha malaiti kumbuyo kwa seva yomwe ikugwira ntchito nkuzula! Asekilitale athu anakuwa kuti mayooo, koma seva osazima, kagetsi kamodzi chabe kanasintha kuchoka pa green, posakhalitsa foni ya ainjiniya kulira, uthenga wochenjeza wafika. Seva ili ndi ma power supply awiri (zipangizo zolandirira malaiti), imodzi ikafa inzake imanyamula katundu yense, ndipo yakufayo amaisolola nkuika ina makina ali chiyakire. Anatsindika kuti chingwe chilichonse chipite ku laini yake ya malaiti, A ndi B, iliyonse ndi UPS yake (bokosi la mabatire lothandiza malaiti akapita), mabatire agwirizire mpaka jenereta idzuke yokha. Anati chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba malaiti akumapita pafupifupi tsiku lonse, izi ndiye zinawasunga.

Anationetsanso masensa oyeza kutentha ndi chinyontho, ena a utsi, ndi kachingwe koyala pansi komva madzi akadontha. Mpweya wolowa kutsogolo kwa seva amafuna ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27, wotentha utulukire kumbuyo osasakanikirana. Mkati mwa seva mulinso kakompyuta kena koyang'anira mafani ndi kutentha, a Dell amati iDRAC, a HP amati iLO.

Apa tonse tinayang'anana, chifukwa kaseva kathu ka pa senta kalinso ndi ma power supply awiri koma zingwe zonse zili pa extension imodzi yomweyo pamodzi ndi ketulo, chipinda chamalata, fumbi tho, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kuno mukukudziwa nokha. Muli mafayilo a ana asukulu amene amatidalira, zimenezi zikundiwawa kwambiri ndipo sitingadikire mpaka kapse.

Zikomo a cheyamani pa nsomba zija, zikomo alamu a asekilitale potigoneka ku Chelstone ndi nsima yotentha usiku ngati uja, ndi agogo a pamudzi paja amene anatipatsa madzi osafuna kanthu. Adilaiva nanunso zikomo, munatifikitsa. Loweruka tikumane pa senta 14 hours, tikambe za UPS yachiwiri ndi thermometer ya pakhoma, ketulo ichoke lero lomwe. Achimwene a maprinta mubwere ndi chopereka chanu, amayi akudikira.