Denga Lodontha ndi Buku la Mayina

Lolemba sititsegula. Ndi tsiku lokonza zomwe zathyoka, ndipo pa myuziyamu ya ana, malo omwe ana amaphunzira pogwira ndi kuseweretsa zinthu, zothyoka sizisowa. Sabata ino ndinapeza chogwirira cha pampu yoseweretsa madzi chitaguluka, maginito awiri atasowa patebulo, ndiponso madzi atadikha pansi m'chipinda cha mabuku. Mvula inagwa usiku ndipo denga linadontha pamalo omwe tinamata chaka chatha. Mabuku a m'shelefu ya m'munsi ndinawayanika pakhonde limodzilimodzi, mtima ukundiwawa.

Ndinaimbira foni bambo wina wowotcherera zitsulo yemwe wakhala akutithandiza kuyambira tsiku lomwe tinatsegula. Masana anali atafika kale ndi zida zawo. Atamaliza ndinafunsa za malipiro. Anangopukusa mutu nkunena kuti, "Mayi, mdzukulu wanga amasewera pompano. Mundilipire chiyaninso?"

Lachiwiri lonse linathera pa lipoti. Bungwe lina linatipatsa ndalama zopangira chipinda chophunzitsa za kuwala ndi mithunzi, ndipo limafuna kuona lisiti la chinthu chilichonse, ngakhale msomali. Ndalama zotere zimabwera ndi lamulo lake: zipite pa ntchito yomwe tinagwirizana basi. Choncho ku banki kuli ndalama, denga likudontha, koma sindingatapeko kuti ndigule lata ngakhale limodzi. Lamuloli ndimalilemekeza, chifukwa wopereka thandizo akangokukayikira kamodzi, sabweranso. Komabe limandisowetsa tulo. Opereka thandizo ambiri amakonda chinthu chatsopano choti achijambule ndi kumatapo dzina lawo. Bilu ya magetsi, sopo wotsukira zoseweretsa, malipiro a mlonda, zimenezi ndi ochepa amene amazifunsa, pomwe ndi zomwe zimachititsa kuti m'mawa chitseko chitseguke.

Pa fomu ya lipotilo pali funso lakuti anthu a m'deralo aperekapo chiyani. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuliyang'ana. Zomwe zili ndi malisiti nzochepa kwambiri moti munthu akhoza kuganiza kuti anthu kuno satifuna.

Lachitatu kunabwera ana a sukulu ina ya pulayimale, atayenda wapansi ndi aphunzitsi awo. Atalowa anaima chilili, manja kumbuyo. Anawachenjeza kale kuti asagwire kanthu. Ndinachita kugwira dzanja la kamtsikana kena ndi kuliika pa pampu ija, ndipo madzi atatuluka onse anakhamukirapo. Nthawi ngati imeneyi ndimakumbukira komwe ntchito yathu inachokera. Myuziyamu ya ana yoyamba padziko lonse inatsegulidwa ku Brooklyn, m'dziko la America, mu 1899, ndipo ya ku Boston, m'dziko lomwelo, inatsatira mu 1913. Michael Spock atayamba kutsogolera ya ku Boston mu 1962, analimbikitsa kuti zinthu zichoke m'magalasi, ana azizigwira ndi kuziyesa okha. Ife tikuyenda m'mapazi amenewo. Koma chomwe manja a ana akuchigwira tsiku ndi tsiku chimatha msanga, ndipo wokonza ayenera kukhala pafupi. Bungwe lakutali silingabwere kudzamanga bawuti yomwe yamasuka Lachitatu masana.

Lachinayi madzulo komiti inakumana, ndipo tinatsutsana ndithu. Msungichuma anati tikweze ndalama yolowera pakhomo kuti tipeze ya malata. Sanalakwitse masamu. Koma agogo ena, omwe anali aphunzitsi asanapume, anakana kwamtuwagalu. Anati mwana amene angabwerere pakhomo ndi yemweyo amene tinamangira nyumbayi. Anatikumbutsanso kuti m'makalata athu onse opempha thandizo timatchula ndime 31 ya pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, yomwe imati mwana ali ndi ufulu wopuma ndi kusewera. Ine ndinali kumbali ya agogowo, ngakhale ndikudziwa kuti ufulu sugula malata.

Tinagwirizana ziwiri. Ndilembere bungwe lija kalata yopempha chilolezo choti kagawo kochepa kapite ku denga, popeza chipinda chawo chatsopanocho chili pansi pa denga lomwelo. Ndipo tiwauze makolo poyera za vuto lathu, osabisa. Apo ndinapemphanso kuti tigule buku lolembamo aliyense wotithandiza ndi manja kapena katundu, tsiku lake ndi maola ake. Pa kalembedwe ka zachuma thandizo lotere limawerengedwa ndithu, koma ife takhala tikungoti zikomo nkuiwala.

Lachisanu ndinatumiza kalatayo, kenako ndinayenda khomo ndi khomo. Kupempha sikunandizolowerebe. Ena anandiuza mosabisa kuti chaka chino zinthu zawavuta, ndipo ndinawamvetsa. Kalipentala wina anati ali ndi malata otsala pa nyumba yomwe anamanga, abwera nawo.

Loweruka ndinafika m'mamawa nkupeza makwerero atatsamira kale khoma. Kalipentala uja anali pamwamba ndi anyamata awiri omwe ankasewera kuno ali aang'ono. Amayi ena anali kukolopa m'chipinda cha mabuku ndi kubwezera m'mashelefu mabuku omwe auma. Bungwe lija silinayankhebe, ndipo mbali yaikulu ya denga ikudikira yankho lawo. Koma pamwamba pa mabuku tsopano pali malata abwino.

Ndinakhala pakhonde ndi buku latsopano lija. Ndinayamba ndi bambo owotcherera aja, Lolemba, maola awiri. Nditafika kwa agogo a m'komiti ndinawafunsa kuti ndilembe maola angati, poti akhala akuwerengera ana nthano Loweruka lililonse kwa zaka. Anati ndiyambire lero, kenako anaitana ana kuti alowe akhale pansi.