Edebug anandidutsa ngati minibasi yodzaza

Ntchito zanga zonse ndimalembera mu Emacs, pulogalamu yolembera pa kompyuta ija ya Richard Stallman imene inatuluka mu 1985, ndipo anzanga kuofesi amati ndimalima ndi khasu la agogo. Sindiwayankha. Fayilo yanga ya init.el, momwe ndimalembamo mmene ndikufuna kuti Emacs azigwirira ntchito, ndimaisamala ngati dimba.

Tsiku lina ndinalembamo macro (code imene imapanga code ina) yoti izitsegula malipoti a mwezi, kenako function (kagulu ka malamulo kogwira ntchito imodzi) yowerengetsa ndalama za m'malipotimo pogwiritsa ntchito macroyo. Yankho linkangotuluka 0. Ndinati zazing'ono izi, Edebug alipo, chida cha mu Emacs chofufuzira zolakwika mu code. Ndinadina C-u C-M-x, mabatani oitanira Edebug, pa function ija, n'kuyamba kuyenda nayo pang'onopang'ono ndi SPC, batani lalitali lija la space. Edebug anaima pakhomo pa macro. Nditadinanso, ndinangoona watulukira kuseri, mizere 14 yonse ya mkati osaisuzumira n'komwe, ngati minibasi yodzaza kale ikudutsa pasiteji.

Nzeru zanga zinandiuza kuti ngati sanaime, ndiye kuti mkatimo muli bwino. Ndinafufuza kwina konse mpaka 11 koloko usiku. Kenako ndinayamba kukayikira batani la SPC lenilenilo, kuti mwina likudinika kawiri. Ndinalizula ndi mpeni wa kukhitchini. Pansi pake ndinapezapo nyenyeswa za mandasi zokwana kudyetsa mwanapiye.

"Bambo a Tadala, mpeni wanga wa tomato ukutani pa kompyuta?"

"Ndikukonza pulogalamu, mayi."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kubwerera kukagona.

Ndinabwerera ku njira yachikale, kuthira message paliponse, lamulo loonetsa mawu pasikirini pulogalamu ikafika pamalopo. Yoyamba ndinalemba "ndafika pano 1". Pofika yachisanu ndi chinayi ulemu unali utatha, ndinalemba "ndafika pano mayo ine 9".

Cha m'ma 2 koloko m'pamene ndinatsegula buku lofotokoza Emacs Lisp, chilankhulo cholembera code mu Emacs. Bukuli linali mu kompyutamo nthawi yonseyi. Nkhani yake ndi iyi: macro imatha kuchita chilichonse ndi zimene mwaipatsa, kotero Edebug sadziwa kuti ziti ndi code yoti iyendetsedwe, ziti ndi mayina chabe. Mukapanda kumuuza, sazikhudza. Amangofuna kamzere kamodzi mkati mwa defmacro, pomwe macro imalembedwa: (declare (debug t)), basi.

Ndinakalemba. Anadutsanso! Ndinatsala pang'ono kulira, kenako ndinakumbukira kuti macro iyenera kuwerengedwanso, ndipo function ija idinidwenso C-u C-M-x. Apa Edebug analowa mwaulemu, mzere ndi mzere, mpaka pa setq, lamulo loikira nambala m'thumba lokhala ndi dzina, pamene dzinalo ndinalemba chiwelengero. Kwina konse ndinalemba chiwerengero. Emacs sanadandaule, anangotsegula thumba latsopano n'kumaponyamo ndalama zonse mwakachetechete. L ndi R, nkhondo imene aphunzitsi anga a Sitandade 4 anailephera.

M'mawa ndinaitana abwana kuti adzaone zodabwitsa. Chiwerengero chinatuluka cholondola, koma ma message aja ndinali nditaiwala kuwachotsa. Abwana anaweramira pasikirini, n'kuwerenga mokweza, mawu onse bwinobwino: "Ndafika pano mayo ine 9."

Anakonza magalasi awo.

"Mwafika kuti, achimwene? Nanga batani ili lapindika bwanji?"