Zolemba za kukhola la mahatchi: kumapeto kwa Okutobala

Msipu watheratu, dambo lapsa ndi lupsa, ndipo chilichonse cholowa m'kamwa mwa hatchi pano n'chogula. Mwezi uno ndi umene umaonetsa ngati masamu a chakudya amene tinachita mu Epulo anali olondola. Ambiri ofuna kuyamba amafunsa mtengo wogulira hatchi, koma umenewo mumalipira kamodzi basi. Cholemera ndi udzu wa chilimwe.

Masamu amayambira pa kulemera kwa nyamayo. Sikelo ya ziweto kulibe, ndiye timagwiritsa ntchito tepi ya telala. Yezani kuzungulira pachifuwa, kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kenako utali kuchokera pansonga ya phewa kukafika kumapeto kwa thako, zonse m'masentimita. Nambala ya pachifuwa muichulukitse ndi iyo yomwe, muchulukitsenso ndi utali, mugawe ndi 11,877. Hatchi ya 180 pachifuwa ndi 165 m'litali imatuluka makilogalamu 450. Patsiku imafuna chakudya chouma cholemera pafupifupi 2 peresenti ya thupi lake, ndiye kuti makilogalamu 9, ndipo chochuluka chizikhala udzu.

Kuyambira Meyi mpaka mvula itakhazikika ndi masiku ngati 200. Makilogalamu 9 kwa masiku 200 ndi 1,800. Pamenepo timawonjezera gawo limodzi mwa asanu chifukwa cha udzu wopondedwa, wokodzeredwa ndi wodyedwa ndi chiswe, n'kufika 2,160 pa hatchi imodzi. Ngati belo la udzu likulemera makilogalamu 15, ndi mabelo 144. Musakhulupirire mawu a wogulitsa pa kulemera kwa belo. Pachikani atatu pa sikelo yogulira chimanga, chifukwa mabelo ooneka ofanana amasiyana kwambiri. Timawerengera m'makilogalamu osati m'makwacha mwadala. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti zolembedwa m'ndalama zinasanduka mapepala wamba, koma mimba ya hatchi sinasinthe.

Udzu wa Rhodes ndiwo timaudalira. Wabwino ndi wodulidwa usanakhwime, wokhalabe wobiriwirako pakati pa belo, wonunkhira bwino. Mukaumasula n'kutuluka fumbi loyera kapena fungo la chuku, utayeni, chifukwa umabweretsa chifuwa ndi kupotokola m'mimba. Mabelo azisanjidwa pamitengo kapena pamapaleti, asakhudze dothi kapena khoma. Masangwi a mtedza ouma bwino amathandiza kutalikitsa udzu, ndipo ali ndi kashiamu wambiri.

Udzu ukayamba kuchepa, maganizo amathamangira kuchigayo. Madeya ndi otsika mtengo, hatchi imawakonda, ndipo imanenepa nawo. Vuto lake ndi lakuti ali ndi fosiforasi wambiri koma kashiamu wochepa kwambiri, pamene hatchi imafuna kashiamu woposa fosiforasi pafupifupi kawiri. Thupi likasowa kashiamu limakamusolola m'mafupa. Poyamba hatchi imangotsimphina mwendo uwu lero, wina sabata yamawa. Kenako mafupa a kumaso, pakati pa maso ndi mphuno, amatupa, mano n'kuyamba kugwedera. Udzu wa Kikuyu ndi wa Setaria umakulitsa vutoli chifukwa umamanga kashiamu kuti thupi lisamuyamwe. Ngati mukupereka madeya, sakanizanimo laimu wa ziweto magalamu 20 pa kilogalamu iliyonse, osati laimu womangira nyumba. Musapitirire makilogalamu 2 pa kudya kumodzi, ndipo chakudya chatsopano muzichilowetsa pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10. Hatchi siisanza, choncho chimene chalakwika m'mimba chimakhala momwemo.

Zitatu zisafike m'chodyeramo ngakhale zitakhala zaulere. Madeya a chimanga chowola ali ndi poizoni wa chuku amene amawononga ubongo wa hatchi. Chakudya cha nkhuku nthawi zina chimakhala ndi mankhwala monga monensin, amene amapha hatchi powononga mtima ngakhale itadya pang'ono. Lukina, amene a ng'ombe zamkaka amamutamanda, amathothola ubweya wa pakhosi ndi kumchira.

Madzi ndi malita 30 mpaka 45 patsiku, koma m'kutentha kwa mwezi uno hatchi imamwa kupitirira pamenepo. Mchere magalamu 30 mpaka 50. Kumene madzi ndi a pamita, muwalembenso m'buku la bajeti.

Katemera wa African horse sickness tamaliza kupereka. Matendawa amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, timene timaluma madzulo ndi m'bandakucha nthawi ya dzinja, ndipo hatchi zambiri zosatemera zikadwala sizipulumuka. Katemera wake amapangidwa ku Onderstepoort ku South Africa, amabwera m'mabotolo awiri operekedwa motalikirana masabata osachepera atatu, ndipo ayenera kukhala pozizira ulendo wonse. Botolo limene latenthedwa m'basi ndi ndalama yotayika, ndipo choipa n'chakuti mumaganiza kuti hatchi yatetezedwa. Onjezani katemera wa chiwewe ndi wa kafumbata, mankhwala a njoka za m'mimba, ndi a nkhupakupa. Pamenepa chenjerani: dibi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz saloledwa pa hatchi, amaumitsa matumbo. Oweta pafupi ndi nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza awerengerenso za kashembe.

Ziboda zimasengedwa masabata 6 mpaka 8 alionse, ngakhale hatchi yosavala zitsulo, ndiye kuti maulendo 7 kapena 8 pachaka. Odziwa ntchitoyi ndi ochepa, moti ndalama ya thiransipoti yawo imatha kuposa ya ntchito. Kugwirizana ndi makola oyandikana kuti osenga zibodawo abwere tsiku limodzi kumachepetsako. Mano aziwonedwa kamodzi pachaka. Mukaona timibulu ta udzu wotafunidwa titagwa pansi pa chodyeramo, mano asongoka, ndipo udzu wogula uja ukungodutsa.

Chobwezako ndi ndowe, makilogalamu ngati 20 patsiku, zimene alimi a ndiwo zamasamba amagula zikawola. Zotsala mvula isanagwe: kuziika denga la mosungira udzu, kuika sefa wa udzudzu wa maso ang'onoang'ono m'mawindo a khola, ndi kulipiriratu mlimi wa Rhodes kuti mabelo a Epulo asapite kwa a ng'ombe zamkaka.