Tayala linaphulika titangodutsa Mtenguleni

Ulendo wanga unali wa ku Mphangwe, malo a mapemphero a Akatolika omwe ali m'mapiri kufupi ndi Katete. Ndinkafuna kukakhala chete pamaso pa Mulungu, kutali ndi foni ndi phokoso la mu Chipata. Minibasi ndinalipira K100. Kondakitala ankangoti tikunyamuka pompano, koma tinakhala pasiteji mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenako anatipanikiza ndi matumba a feteleza m'miyendo. Khalidwe lolongedza anthu pamodzi ndi katundu limandipweteka mtima, ndipo palibe amene amaletsa.

Titangodutsa Mtenguleni, kumene Angoni amachitira mwambo wa Nc'wala mu February, tayala lakumbuyo linaphulika. La sipeya linalibe mpweya. Dalaivala anakwera galimoto ina kubwerera nalo ku Chipata, ife n'kutisiya padzuwa.

Pansi pa mtengo wa mango panali agogo ena akugulitsa nsawa zophika. Anandikodola. "Mwanawe, bwera ukhale pamthunzi, dzuwa ili si lamasewera." Anandisendera mbali ya mphasa. M'dzanja lawo munali kolona yakalekale, mikanda yake yosalala chifukwa chogwiridwa, pomwe inaduka anailumikiza ndi ulusi wa saka. Zala zawo sizinkayenda pa mikandayo, milomo osagwedera.

"Agogo, mukupemphera kolona?"

"Ndamaliza m'mawa. Pano ndangokhala nawo Ambuye. Akudziwa kuti ndili pano, inenso ndikudziwa kuti alipo. Basi."

Anandiuza kuti analandira sakramenti la ulimbitso kwa Ambuye Medardo Mazombwe akadali bishopu wa Chipata, aja anadzakhala kadinala mu 2010. Kenako anatontholanso. Anayamba kusenda nsawa, zowola kutaya, zabwino kundiikira m'manja, imodziimodzi, osafunsa dzina langa kapena mpingo wanga. Magalimoto akuluakulu opita kumalire a Malawi ku Mwami ankadutsa ndi mkokomo, anzanga a m'minibasi akukalipirana ndi kondakitala, koma mkwiyo wanga unatha ndili pamphasapo. Nditatulutsa ndalama anakana. "Mlendo wa pamsewu sagula, mwanawe."

Ambiri tinakula tikudziwa kuti pemphero ndi mawu: kufuula usiku wonse pa zimkuzamawu, kutchula sukulu fizi, ntchito, matenda. Sindikunyoza, zosowa zathu n'zenizeni ndipo Mulungu amazimva. Koma timamuchitira ngati munthu amene amapita kwa amayi ake pokhapokha ufa ukatha, osapitako kukangocheza nawo pakhonde. Pemphero lokhala chete ambiri amaliyesa la ansembe ndi masisitere okha, chonsecho agogo aja amalichita tsiku lililonse uku akudikira ogula.

Ignatius Woyera wa ku Loyola, yemwe anayambitsa gulu la Ajezuiti, anaphunzitsa kuti madzulo munthu abwerere m'tsiku lake lonse, athokoze, aone pomwe Mulungu anakumana naye. Usiku umenewo nditayesa, maganizo anga sanapite kwina koma pa manja okwinyika aja akusankha nsawa, ndipo misozi inalengeza.

Ku Katete tinafika kukuda. Anyamata a njinga amakweza mtengo kukangoda, choncho gwirizanani musanakwere, ndipo khalani ndi ndalama zing'onozing'ono. Ofuna kukagona ku Mphangwe adziwitse eni malo asananyamuke. Mu June ndi July kumazizira m'mapirimo, juzi musaiwale. Ndipo musanalipire minibasi ku Chipata, funsani ngati tayala la sipeya lili ndi mpweya.