Laputopu ikafa, hard drive musataye

Anzanga, laputopu ikafa musathamangire kuitaya yonse. Nthawi zambiri chimene chapsa ndi motherboard kapena sikirini, hard drive, kachipangizo kosungira mafayilo, ili bwinobwino. Masulani masikuluwu a pansi pa laputopuyo, tulutsani hard driveyo, muilowetse m'kabokosi kotchedwa enclosure, mulumikize pa USB. Basi, mwapeza posungira zithunzi ndi mafilimu. Ya laputopu ndi ya mainchesi 2.5, sifuna chaja, moto wa pa USB umakwanira.

Pogula kabokosiko muone kaye polumikizira pa hard driveyo. Zambiri ndi SATA, koma malaputopu akalekale ali ndi IDE ya timapini 44, kabokosi kake n'kena. Tengani ka USB 3.0, ka 2.0 kamachedwa zotopetsa. Windows ikakufunsani za format, komwe ndi kufufuta zonse, musavomere musanakopere mafayilo anu, mungalire. Ndipo hard driveyo ikamagwira ntchito osaigwedeza, m'katimo muli mbale yozungulira yosachedwa kuwonongeka.